Perefyumu wa mandimu amene anabweza amake Lute

Amene akuganiza kuti ndinama anyamuke pompano, asanditayitse malovu. Inu anyamata a ku Nangongwe mumadzithira maperefyumu a pamsika aja, ena onunkhira shuga wopserera, ena sopo wotsukira mbale, oti pofika pasiteshoni fungo latha kale. Perefyumu weniweni simunamuone. Wanga anali wa mandimu, wodzola mwamuna ndi mkazi yemwe.

Nthawi imeneyo amake Lute, akazi anga, anali atathawira kwa akulu awo ku Kafue Estates, ati atopa kugona ndi mlamba, poti ine ntchito yanga ndi yogulitsa nsomba. Mtima unandipweteka, sindibisa. Ndiye m'mawa wina ndinapeza kabotolo kuseri kwa kabati, nkudzithira m'khosi kawiri basi. Fungo loyamba linali lakuthwa, la mandimu othyola kumene, moti udzudzu wonse wa kumtsinje unasamukira ku Mazabuka, ana a aneba anachira chimfine, mayi wina nkundithamangira ndi kapu ya tiyi kuti ndiviikemo chala. Mukumva? Pokwera minibasi linali litafewa, lasanduka la makoko a manachesi, kondakitala akuti, "Ba mudala, nkalani kusogolo," mafuta nkutithera panjira koma njuchi zinatikankha kumbuyo, ng'ona zitandanda m'mbali mwa msewu mphuno zili m'mwamba, ndeke yopita ku Lusaka nkutsika pang'ono kuti nayo imveko. Ndikanama ndife pompano!

Masana, katatsala kafungo ka thabwa lopala kumene, ndinangoima pageti pa alamu anga, osagogoda, osaitana. Amake Lute anatuluka okha, ine nkutembenuka mwaulemu wanga, iwo pambuyo panga mpaka kunyumba, nsapato imodzi ili m'manja mwawo.

Ee, ndikudziwa zimene amake Lute amakuuzani kukwaya: ati kabotoloko kanali kawo, anakaiwala pothawa, ndipo ankandilondola akukuwa kuti, "Atate ake Lute, mwanisilizila pafyumu yanga!" Ati nsapato ija inali yondigenda nayo. Zawo zimenezo. Koma kabotolo kanauma kalekale, kali pawindo apo, nsomba ndikugulitsabe, fungo la mlamba silinandichoke. Nanga uyo akuyanika malaya anga pachingweyo ndi ndani?