Tsiku limene ndinayesa mkanda wagolide wa apongozi

Anzanga, musamadzitame pamaso pa akazi anu, chifukwa zimene mwanena muli pamphasa mawa lake zimafika kwa apongozi. Ine ndinangokhalako chilimwe chimodzi ku galimpo, kumigodi ya golide yokumba pamanja, kumapiri kuseri kwa Mualadzi uko, kukumba ndi kutsuka mchenga, ndipo golide amene ndinapeza sakanadzaza n'dzino lobooka lomwe. Koma kunyumba ndinkamuuza mkazi wanga Rozina kuti ine golide ndimamuzindikira ndi fungo. Ndinkangokometsa macheza, osadziwa kuti ndikudzikumbira dzenje.

Ndiye kunabwera ukwati wa mlamu wanga, mzime wa m'banjamo. Apongozi anga aakazi, amene ndili pachikamwini pamudzi pawo, anafuna mkanda wa m'khosi wagolide, wokhala ndi kamwala ka dayamondi pakati, kuti pa tsikulo anthu adziwe kuti mayi wa mkwatibwi ndi uti. A Dona Filomena, mnzawo amene anathawa naye nkhondo kupita ku Zambia ndipo tsopano amachita malonda ku Cassacatiza, anawasiyira mikanda iwiri kuti asankhe umodzi. Eni malondawo ankalumbira kuti yonse ndi yeniyeni, koma apongozi ankakayika.

Mukudziwa kwathu kuno, mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ukawaona panjira umapatukira kutchire, ndipo mawu amadzera mwa mkazi wako. Choncho Rozina ndiye anabwera ndi kansalu komangidwa mfundo.

"Bambo a Tina, amayi akuti inu paja mumadziwa golide, muwasankhire weniweni. Koma chonde musamale, si yathu."

Apongozi anga si munthu wosewera naye. Mkamwini mnzanga anamulongedzetsa chaka chatha chifukwa chobwereketsa njinga yawo osapempha, mpaka lero ana ake amawaonera kutchalitchi. Ndikanangonena kuti sindidziwa, kodi ndani akanandimenya? Koma ayi, ndinatukula chifuwa n'kuti, "Kawauze kuti asadere nkhawa."

Azimayi atapita kuchigayo, ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumasula kansalu kaja. Mikanda yonse iwiri inali waliwali, yofanana ngati mapasa. Ndinainunkhiza, inkanunkha mafuta odzola a Dona Filomena. Ndinailuma, dzino ndi limene linapweteka. Apa ndinakumbukira kabotolo ka merikuriyo kamene ndinakasomeka kudenga kuchokera nthawi ya galimpo. Merikuriyo ndi timadzi tolemera tija, tonga siliva, timene timagwira golide n'kusiya mchenga. Ndinati basi, ameneyu sanama.

Ndinadontheza pa mkanda woyamba, kadonthoko kanangogubuduka n'kugwa pansi. Ndinadontheza pa wachiwiri, eee, kanakakamira pompo! Ndinalumpha ndi chimwemwe kuti weniweni ndaupeza, koma chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa pamene panagwera dontho panasanduka mbee ngati lata latsopano. Ndinapukuta ndi malaya, kuyerako kunangofalikira. Ndinatsuka ndi sopo, ndinakwecha ndi phulusa, mpaka mkanda wonse unaoneka ngati waya womangira njinga. M'maso mwanga ndinkadziona kale ndili pamsewu ndi mphasa pamutu.

Munthu wanzeru akanaimira pomwepo, si choncho? Safunsa anadya phula. Ndinakumbukira kuti ku galimpo tinkawotcha kuti merikuriyo auluke, golide atsale. Ndinakoleza makala, n'kuika mkandawo pa khasu lakale, n'kumakupiza nkhope nditatembenuzira kumbali kuopa utsi, pakamwa ndikutchula nyimbo zonse za kukwaya. Chimene sindinaganize n'chakuti kumgodi tinkawotcha chibulumwa, osati unyolo wopyapyala ngati ulusi. Ndinangomva kuti the! Unyolo unaduka pawiri, kenako patatu, kamwala kaja kanathothoka n'kugwera m'fumbi.

Ndisanatambasule n'komwe dzanja, thadzi la apongozi, lamawangamawanga limene ankati n'loikira mazira kuposa onse, linangofika n'kuti jomph! Dayamondi wa eni ake anapita.

Anzanga, ndinathamangitsa nkhuku ija kuzungulira nkhokwe, kudutsa m'khola la mbuzi, kulowa m'munda wa mbatata, ine bambo wa ana ndikuinyengerera ngati munthu, "Lavula, mayi, lavula, ukundithetsera banja!" Nditaigwira ndinaizondotsa, ndinaigwedeza, koma inkangondiyang'ana ndi diso limodzi. Mantha ndi oipa. Ndinatenga mpeni.

Ndiye tangoganizani. Ndagwada kuseri kwa nkhokwe, manja ali magazi okhaokha, nthenga zili mbwee, ndikufufuza m'nthutumba pakati pa timiyala, pambali khasu likufuka utsi. Kamwalako ndinakapeza ndithu, ndipo pamene ndinkakakweza kuti ndikaone bwino, ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Kutsokomola kumeneko ndimakudziwa ngakhale ndili m'tulo. Apongozi, dengu la ufa lili pamutu, Rozina ali pambali pawo atagwira pakamwa. Kothawira kunalibe, ndinangozolika mutu ngati mwambo, koma kunena zoona sunali ulemu, khosi ndi limene linakana kudzuka.

Apongozi anayankhula akuyang'ana nkhokwe.

"Rozina, afunse amuna akowa, weniweni ndi uti?"

Ndinaloza tizidutswa takuda tija pakhasu. "Uwauze amayi kuti weniweni ndi uwu wamwalirawu."

"Nanga wabodza?"

"Uli bwinobwino, sunakhudzidwe n'komwe."

Ndinkadikira kuti andiuze zolongedza. Ndinamva akutula dengu pansi, akupuma mozama, kenako anati, "Rozina, uwathokoze amuna ako, ntchito amaidziwa. Koma uwauzenso kuti tsiku limene ndidzadwale, asadzabwere kudzaona ngati ndili moyo."

Sanandithamangitse, chifukwa akanatero ndani akanawalimira a Dona Filomena? Dzinja lonse ndinalima munda wa mayi aja polipira mkanda wawo mpaka zikhatho zinachita matuza, ndipo nkhuku ija anadya ena, ine anandipatsa masamba a maungu. Paukwati apongozi anavala wabodza uja, ndipo azimayi a mpingo wonse ankaugwiragwira n'kumati golide wotere sapezeka n'ku Tete komwe. Wina anatembenukira kwa ine, "Inu a ku galimpo, tatiuzani, si weniweni ameneyu?" Apongozi anatsokomola kamodzi kokha, ine ndinapezeka ndili kale kunja kwa mpanda.

Kuyambira pamenepo, ngakhale mundifunse ngati dzungu lapsa, yankho langa ndi limodzi: kafunseni eni ake, ine maso anga saona bwino.