Nyanja yamchere ya kumadimba kwathu

Mukadutsa pakhomo panga masiku ano mupeza pali zii, nkhuku zokhazokha. Adzukulu anga awiri anatengedwa ndi mayi awo, ndipo amene anachititsa ndi ine ndemwe, ndi nzeru zanga za Sitandade 5. Bola ndifotokoze ndekha, chifukwa kuchigayo nkhaniyi akuikamba mokhotetsa.

Chinali chaka chija sukulu zinatsekedwa chifukwa cha korona. Mwana wanga Esinati, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, anabweretsa ana ake kuno kwa Dzoole kuti akhale ndi ine. Wamkulu ndi mnyamata, Lonjezo, anali mu Sitandade 6. Wamng'ono ndi Tamanda, kamtsikana kamafunso, ka mu Sitandade 2. Ine kukondwa kwake! Chimwalirire abambo awo a Esinati ndinkangolankhula ndi wailesi (mabatire akatha ndinkapitiriza ndekha). Pochoka Esinati anati, "Amayi, ndikaona kuti anawa sakubwerera m'mbuyo pamaphunziro, ndidzawasiya konkuno ngakhale sukulu zitatsegulidwa. M'tauni antchito akunditopetsa." Mawu amenewo anandilowa mumtima. Ndinalumbira kuti ana amenewa aphunzira mpaka mitu itenthe.

Anatisiyira foni yopalasa ndi chala ija, ndipo sabata iliyonse ankatumizamo phunziro. Netiweki kwathu imapezeka pachulu chokha, kuseri kwa khola la mbuzi, ndiye Lonjezo ankakwera pamenepo ataimika dzanja ngati akulumbira kukhoti. Masamu ndinkangoyang'anira ndi kamtengo m'manja, osamva kanthu. Koma tsiku lina kunabwera phunziro la zamoyo za m'nyanja yamchere, ndi kakanema kake. Tinaona namgumi, chinsomba chachikulu kuposa tchalitchi chathu, nkhanu zazikulu ngati lichero, ndi china chamiyendo yambiri choterera chimene dzina lake lilime langa linakana. Pamapeto mzungu wa mukanemamo anatenga ana ake kupita nawo kumadzi, akutola zigoba za nkhono, onse akuseka. Esinati analemba pansi pake kuti ana amagwira msanga akaona ndi maso.

"Agogo, ife nyanja yamchere tikaione kuti?" anafunsa Tamanda.

Munthu wanzeru akanayankha kuti kuno kulibe, basi. Ine ndinati, "Madzi ndi madzi, mwanawe. Mawa tipita."

Kumunsi kwa mudzi wathu, kumadimba, kuli dziwe limene anthu amatungamo madzi othirira tomato ndi mpiru. Silimauma, madzi ake ndi odekha, obiriwira m'mbalimu. M'mawa ndinaotcha mbatata, ndinathira thobwa m'chigubu, ndinavala chitenje cha Mvano (ndinkafuna ulemu wa uphunzitsi), ulendo. Titafika ndinakwinya chitenje mpaka m'mawondo n'kulowa ndine woyamba.

Ndinaphunzitsatu tsiku limenelo, musandione chonchi. Lonjezo anagwira kankhanu pansi pa mwala, ine ndinati ameneyu ndi mphwake wa chinkhanu cha mukanema chija, kungoti wa kuno sadya mokwanira. Tinaona mlamba ukuthawira m'matope, ndinati onani kukamwa kwakeko, ndi mtundu umodzi ndi chimene chinameza Yona. Tamanda anafunsa ngati mlamba ungameze munthu, ndinati ukapeza mpata. Koma chimene ana anakonda kwambiri ndi nkhono. Zinali mbwee pa udzu wa m'madzi, ting'onoting'ono, tina tozungulira ngati mabatani a malaya. Anatola dzuwa lonse, madzi ali m'chiuno, mpaka kudzaza kachitini.

Madzulo ana onse awiri anayamba kudzikanda miyendo. Inenso chimodzimodzi. Ndinati tadutsa pa chitedze, ndinawapaka mafuta, n'kugona.

Nkhono zija tinaziyanika, tinazindandalika bwinobwino palichero, Lonjezo n'kujambula kutumiza kwa mayi ake. Dziwe sitinalijambule, poti foni ndinkaletsa kupita nayo kumadzi. Yankho linabwera: "Amayi, ndinu aphunzitsi enieni!" Ndinauza Lonjezo awerenge kawiri. Kuyambira pamenepo kudziwe kunasanduka kalasi. Tinkapita pafupipafupi, ndipo a Nabanda, oyandikana nawo nyumba, anandipempha kuti ana awo azitsatira nawo m'malo momangoyendayenda. Ndinkayenda patsogolo, ana pambuyo ngati anapiye, azibambo a m'madimba akundipatsa moni kuti "Mwadzuka bwanji ahedi?" Ine osakana udindowo.

Panapita miyezi, chimanga tinakolola, kunayamba kuzizira. Tsiku lina Lonjezo anandipeza ndikusola mtedza, anaima chapatali akukumba pansi ndi chala cha kuphazi.

"Agogo, ndikapita kokataya madzi, kumapeto kukutuluka magazi."

Apa ndiye pamene ndinalakwitsa kwenikweni. Ife tikukula, mnyamata akayamba kukodza zofiira akuluakulu ankati wakula. Alongo anga onse anadutsamo, palibe amene anapita naye kuchipatala, ndipo amene sizinamuchitikire anzake ankamuseka kuti ndi khanda. Ndiye ine m'malo mochita mantha ndinaimba nthungululu. Mwana ali njenjenje, agogo ake akuvina ndi mtedza m'manja.

"Ndiwauze amami?" anafunsa.

"Iwe! Za amuna sauza mayi. Ukufuna uwachititse manyazi?"

Ndinapha tambala, ndinaitana achimwene anga a Zakeyu kuti adzamulange mwana. A Zakeyu (amene mano anatsala awiri koma nyama sawapitirira) anadya chiwindi ndi nthutumba, kenako anamutengera Lonjezo kuseri kwa nkhokwe. Anamuuza kuti asamalowenso kuchipinda kwa mayi ake, asamakhale kukhitchini, ndipo atsikana aziwaonera patali. Mnyamata anabwerako akuyenda motangadza, mawu atawakulitsa dala. Mawa lake ndinamutuma nkhuni, anandiyankha kuti imeneyo ndi ntchito ya ana.

Koma mwanayo anayamba kuonda. Ankagona masana, m'maso mutayera, akudandaula kuti m'chinena mukupweteka. Ine ndinkati ndi kukula, mafupa akutalika.  Mwana ankatha ndikumuona, ine n'kumamuwonjezera phala.

Amene ananditsegula maso ndi Tamanda. Anabwera m'mawa wina akumwetulira, mano apatsogolo ali ogweruka.

"Agogo, inenso ndakula! Zofiira ngati za Lonjezo. Tambala wanga mupha uti?"

 Kamwana ka Sitandade 2, kakakazi, kakula chani? Nthawi yomweyo a Nabanda anatulukira atagwira ana awo awiri padzanja, nkhope ili gwa. Nawonso zinali zomwezo.

Tinanyamuka tonse kupita kuchipatala ku Madisi. Ana anapatsidwa timabotolo kuti akodzeremo, ndipo titadikira adokotala anatiitana. Anali mwana wamng'ono ndithu, waulemu wake.

"Agogo, ana onsewa ali ndi likodzo. Amasewera m'madzi ati?"

Ndisanatsegule pakamwa Lonjezo anayankha, ndi mawu ake aakulu aja: "Sitimasewera, timaphunzira. Agogo amatitengera kudziwe kukatola nkhono."

"Kukatola chani?"

"Nkhono. Za m'nyanja yamchere."

Adokotala anaika cholembera pansi. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti tizilombo ta likodzo timakhala mu nkhono za m'madzi odekha zomwezo, timatuluka n'kulowa pakhungu la munthu, ndipo kuyabwa kuja kunali kulowa kwake. Anati anthu ena amadwala chifukwa chongowoloka madzi otero. Ine ndinkawaimika ana m'menemo mpaka dzuwa kupendeka, ndikuwauza kuti asankhe zonenepa. Atamva kuti Lonjezo anayamba kalekale, anandifunsa chifukwa chimene tinachedwera. Ndinanena za tambala. Sanaseke, ndipo bola akanaseka. Anati mwanayo magazi amuchepera, ndipo tikanapitiriza kukhala, chikhodzodzo chikanawonongeka.

Anatiuza kuti ana adye kaye, kenako anawapatsa mapiritsi akuluakulu owawa. Inenso anandiyeza, n'kundipatsa anga. Pobwerera Tamanda anasanza m'njira, Lonjezo chizungulire, ine m'mimba mukupota. A Nabanda anangolankhula kamodzi, tili pamlatho: "Ahedi, sukulu yanu ija titsekereni." Kuchokera tsiku limenelo moni wawo ndi wa mutu wokha.

Kukwera pachulu kukaimbira Esinati kunali kovuta kuposa kubereka. Anamvetsera osandidula. Mawa lake masana ndinangoona njinga yamoto ya kabaza yochokera ku Mponela yaima pabwalo. Sanakalipe, mwana wanga. Anamugwira Lonjezo kumaso, anamutsegula chikope n'kuyang'ana, kenako anayamba kulongedza zovala.

"Esinati, mwana wanga, ndimafuna aone ndi maso, monga unalembera."

"Za kudziwe ndakumvani, Amayi, simunadziwe. Koma mwana akutaya magazi, inu n'kumuuza kuti asandiuze ine mayi wake?"

 Tamanda ankafuna kutenga nkhono zake zouma, mayi ake anakazitaya kuchimbudzi pamodzi ndi lichero lomwe. Lonjezo, mwamuna wamkulu uja, analira pokwera njinga. Ine ndinalowa m'nyumba kuti asandione.

Ana anachira, Mulungu ndi wabwino, Lonjezo akuti wanenepa mpaka makabudula akumuthina. Sukulu zinatsegulidwa, analowa ya ku Lilongwe konko. Matchuthi akhala akubwera n'kupita, Esinati amanditumizira sopo ndi shuga, koma ana ayi. Akuti ndikawafuna ndipite ndine. Ndinapitako kamodzi, ndinakhala pampando wofewa ngati mlendo, ndipo nditati ndipite ndi Tamanda kukagula tomato, wantchito anatitsatira pambuyo.

Lamulungu lapitali adzukulu anandiimbira, ine ndili pachulu. Titalonjerana, Tamanda anatsitsa mawu: "Agogo, teremu ino tikuphunzira za mapanga ndi mileme." Ndinamva mayi ake akukuwa chapatali, "Iwe Tamanda, usawauze!"

Koma ndinali nditamva kale. Phanga lilipo paphiri la kuseri kwathu, abusa a mbuzi amati mileme yake ndi yosawerengeka, ngakhale ena amati mumagonanso afisi. Sindinapiteko ayi, ndaphunzira ine. Ndangofunsako njira basi.