Asilikali Amene Anakuperekezani, Ababa

Ababa, kuno ku Area 4 akuti mutu wanga wazungulira, akuti zimene ndikunena za tsiku la maliro anu ndi bodza. Wotsutsa abwere adzanunkhize manja angawa. Mpaka lero akununkha thina wochotsera penti.

Mukutikumbukira tisilikali tanu toseweretsa tija anakusiyirani mzungu wa ku Area 12 popita kwawo, timene ankamenyanitsa pa tebulo ndi anzake Loweruka lililonse, inu n'kumatichotsa penti yakale ndi mswachi kuti atipentenso. Tinalipo mazana atatu. Kapena anayi, kuwerenga ine kumandivuta. M'mawa wa tsiku loika, nditaona kuti pasiwa pali anthu oti sangadzaze ndi minibasi imodzi yomwe, ndinati ayi, bambo anga sapita okha ngati nkhuku yofa ndi chitopa, awaperekeza asilikali. Koma tisilikalito tonse tinali m'majekete ofiira. Ndani amapita kumaliro atavala zofiira?

Ndiye mukumva? Ndinathamangira ku Old Town kwa mmwenye wogulitsa penti, ndinagula thina, ndinathira m'ndowa, ndinakhuthuliramo gulu lonse, ndipo ndinakwecha ndi miswachi itatu, wina dzanja ili, wina dzanja ili, wachitatu kukamwa, mpaka miswachi inafuka utsi, penti yofiira n'kusefukira m'ngalande kukafika mumtsinje wa Lilongwe, amayi ochapa n'kuthawa kusiya zovala poganiza kuti kumtunda apha ng'ombe za boma lonse, ndipo mlaliki asanamalize pemphero loyamba tonse tinali titatuwa mbuu, tokonzeka kulira maliro.

Ndipo tisilikalito tinadzuka, Ababa, ndikulumbira pali inu. Tinatuluka m'ndowa, tinafola tiwiritiwiri, ka lipenga patsogolo, tapakavalo m'mbali, n'kutsogolera bokosi lanu, maminibasi anaima, makondakitala anavula zipewa, ndipo ku Capital Hill mabwana anatsika m'maofesi kudzafunsa kuti yamwalira ndi nduna iti. Ndinati ndi bambo anga, othirira maluwa. Kaya tinadutsa bwanji ku Capital Hill pamene manda ali mbali ina, zimenezo musandifunse. Tinadutsa basi. Pali munthu ndinkafuna aone pawindo.

Pamene pakundisokoneza ndi apa. Inu munkati, "Luma kaye, mwanawe. Kakakupweteka dzino n'kachitsulo, kapite ku thina. Kakafewa n'kapulasitiki, mankhwala ake ndi sipiriti." Ine tsiku limenelo sindinalume. Kapena ndinaluma kamodzi, sindikukumbuka. Chimene ndikukumbukanso, ndipo sichikugwirizana ndi zinazo, n'chakuti ndinapisa dzanja m'ndowa ndi kutulutsa chibuma chimodzi chotuwa, mitu, mifuti ndi miyendo ya akavalo zonse zitamatana ngati phula. Zaka zonsezo munatisunga m'bokosi la nsapato, mvula ikadontha munkayamba kupulumutsa ito bulangete lanu likunyowa, ine ndatisungunula m'mawa umodzi.

Panatsala tisilikali tisanu ndi tiwiri, tachitsulo. Timeneto ndinatiika m'thumba la jekete lanu limene ndinavala, ndipo potaya dothi ndinatitsitsira kwa inu, anthu osaona. Kaya tinaguba kaya ndinachita kutinyamula, kumanda tinafika.

Tisanu ndi tiwiri, Ababa, topanda mtima m'chifuwa, tinafika. Amalume a Chimphamba, amene anagona pabalaza panu chaka chathunthu akufuna ntchito, sanafike. Alongo anu a Nabanda akuti anali ku ukwati. Abwana atsopano a ku Area 12, amene maluwa awo munathirira mpaka tsiku lomwe munagwa ndi paipi m'manja, anatuma mlonda ndi paketi ya shuga. Ndipo achimwene a Lemekezani, mwana wanu woyamba, a tayi, a ku Capital Hill, akuti anali pa msonkhano. Ngakhale pawindo sanasuzumire.