Bokosibode Wokhotera Kumanzere

Lolemba
Ndalonjeza pamaso pa mbumba yonse: Loweruka Esinati, mwana wa mlongo wanga, apita ku ukwati wake pa bokosibode wanga, osati wapansi. Umalume ndi umenewu! Vuto ndi limodzi. Ndikaponda buleki, galimoto ikukhotera kumanzere ngati mbuzi yaona chinangwa.

Lachiwiri
Mwina ndi matayala. Ndapopa onse mpaka msana kuwawa. Kuyesa pamsewu wa ku Boma: kumanzere. Ndasinthanitsa akutsogolo. Kumanzerebe!
Zowonongeka: nthochi za eni ake, dengu la tomato, ulemu wanga pang'ono.

Lachitatu
Alamu anga a Mulipa akuti, "Imeneyi ikufuna kwathu kwa Apwitikizi, onani komwe ikuloza." Ndatembenuza galimoto, ndaponda, yaloza kuphiri. Tsopano akuti ikuitanidwa ndi mizimu ya m'phirimo. Munthuyu sagonja.

Lachinayi
Jeke, sipanala, thukuta. Ndatsegula mawilo akutsogolo. Ndapeza! Buleki wakumanja wanyowa ndi oyilo, sakugwira. Wakumanzere ndi wouma, akugwira yekha, n'chifukwa chake ikukoka. Ndavina ndekha pabwalo, nkhuku zikundiyang'ana. Koma watsopano ali ku Blantyre, sangafike ukwati usanachitike.

Lachisanu
Nzeru zabwera ndikumwa tiyi. Kwathu kuno pogawa ndiwo sitikondera. Ngati wakumanja wadya oyilo, wakumanzere adyenso. Ndamuthira mosaumira. Kuyesa pabwalo pang'onopang'ono: sikukhota! Mtima wanga uli mbee.

Loweruka
Esinati ali pambali panga, wawala. Kumbuyo amayi adzaza, nyimbo, nthungululu. Tafika pamtsetse wa kutchalitchi. Ndaponda buleki. Ndapondanso. Palibe.
Tikudutsa tchalitchi mowongoka bwino. Abusa atsegula pakamwa. Mkwati akutithamangira, nsapato zobwereka zili m'manja. Amayi akuyesa kuti ndikuonetsa mkwatibwi kumudzi, akweza nyimbo. Tayima m'munda wa tiyi kumunsi, mofewa, popanda wovulala ndi mmodzi yemwe.

Lamulungu
Ukwati unamangidwa, mkwati akadali wefuwefu. Esinati anakwera mtunda wonsewo wapansi, masamba a tiyi ali m'tsitsi, akuseka mpaka misozi. Akuti, "Amalume, zikomo. Tsopano ndadziwa kuti mwamunayu angandithamangire."
Bokosibode akadali m'tiyi. Kapitawo wa esiteti akundifuna mawa m'mawa. Ndipita wapansi. Koma akandifunsa ndinena zoona: galimotoyo sinakhote.