Njerwa Ziwiri M'pepala la Ukwati

Anzanga, inu amene mwakhala mukundifunsa kuti bwanji masiku ano ndikamadutsa ku City Centre ndimayenda chowerama ngati ndikufuna singano pansi, khalani bwino ndikuuzeni, bola zisakafike kwa alamu anga, chifukwa iwo akudziwa theka lokha.

Mukudziwa kuti ine ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba. Ndajambulira anthu nyumba zosanja, zamagalaja awiriawiri, zina mpaka dziwe losambiramo, koma mwiniwakene ndi mkazi wanga ndi ana awiri timakhala m'boyizikota ya alamu anga ku Area 47, chipinda chimodzi chogawa ndi katani, ndipo chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Alamuwo ndi munthu wabwino, sanatithamangitsepo, kungoti Loweruka lililonse akamatsuka galimoto amafunsa mokweza kuti aneba amve, "Bwanji akatswiri, nyumba yathu ija yafika pawindo?" Ndimaseka nawo, koma kunena zoona mumtima zimandiwawa.

Ndiye khonsolo italengeza kuti ikulandira mapulani a nyumba zotsika mtengo, zosawononga chilengedwe, zoti zimangidwe pamalo amene inapatula, ndinati nthawi yanga yakwana. Pulani yanga inali ya tinyumba ta zipinda ziwiri, tomanga ndi njerwa zosaotcha: dothi lofiira lomweli, kusakaniza ndi simenti pang'ono, n'kupanikiza pamakina, osadula mtengo ngakhale umodzi wootchera uvuni. Koma chimene chinandikoka mtima kwambiri n'choti amene pulani yake yadutsa azikhala m'nyumba yoyamba yachitsanzo pamalopo, kuti aziyang'anira ntchito. Mkazi wanga atangomva zimenezo anayamba kale kufunsa mitengo ya makatani.

Vuto la njerwa zosaotcha n'loti munthu aliyense akangomva amati, "Zidina? Mvula ikabwera tidzagona pamtetete." Choncho ndinaganiza nzeru. Ndinaumba njerwa ziwiri pamakina amodzi, kukula kumodzi, ina ya simenti, ina ya dothi lokhalokha, kuti ndikaziviike m'madzi pamaso pa komiti yoona mapulani, chidinacho chisungunuke, yangayo itsale ili gwa. Kodi pamenepo ndinalakwa chiyani? Palibe. Kulakwa kunayamba pokulunga.

Njerwa ikagumuka ngodya imaoneka yonyozeka, ndiye ndinafuna chokulungira, koma nyuzipepala zonse ana anali atakutira makope. Ndinapeza mapepala awiri onyezimira otsala paukwati wa mng'ono wake wa mkazi wanga, lofiira la timitima ndi lagolide la tinkhunda. Ndinati izi zandithandiza, yofiira ikhale yabwino, yagolide chidina, sindingasokoneze. Ndinakulunga, ndinamata selotepi, ndipo poti ndine munthu wokonda ntchito yooneka bwino ndinamanganso riboni yoti ndizinyamulira. Mkazi wanga anayang'ana kwa kanthawi n'kufunsa kuti, "Bambo a Tadala, mukupita kukhonsolo kapena kuchinkhoswe?" Ndinamuyankha kuti za uinjiniya azisiyire eni ake.

Tsikulo ndinavala suti yanga ya maliro ndi maukwati, ndinadzera kumsika wa Lilongwe kukagula beseni lalikulu lapulasitiki, lochapira lija, n'kukwera minibasi ya ku City Centre, njerwa pamiyendo, beseni kumutu ngati chipewa chifukwa kondakitala anati kwina kulibe malo. Tili pakati panjira dalaivala anaponda buleki mwadzidzidzi, ine n'kukumbatira njerwa zanga pachifuwa, ndipo ndinamva kuti tswa m'thumba la jekete. Magalasi anga. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti popanda magalasi munthu ndimamuzindikira akalankhula.

Nditafika kumaofesiwo ndinakumana ndi mesenjala, bambo wachikulire waulemu wake, a Yohane. Anaona katundu m'manja mwanga, anapinda mawondo pang'ono n'kutambasula manja awiri. Kwathu kuno mlendo salowa pakhomo atanyamula katundu yekha, ndiye ine ndinapereka osaganiza kawiri, n'kumakondwa kuti ofesi ino muli mwambo. Anafunsa kuti, "N'za ndani izi, bwana?" Ine n'kuyankha monyadira, "N'za akomiti." Anayang'ana timitima, anayang'ana riboni, anagwedeza mutu n'kulowa nazo mkati. Ine ndinatsala pabenchi ndi beseni, pakati pa anzanga ena odzaonetsa mapulani, onse atanyamula malaputopu, ndipo mmodzi anandifunsa ngati ndabwera kudzakolopa.

Atandiitana, ndinalowa m'chipinda chachikulu, tebulo lalitali, anthu asanu ndi awiri, onse ali chete ngati pasiwa. Kumutu kwa tebulo kunali wapampando, Mayi Nyasulu, mayi wa kumpoto, mkulu wa mpingo, amene anthu amati anabwezapo nkhuku ya Khirisimasi mpaka pakhomo pa mwini wake. Pakati pa tebulo, ngakhale maso anga anali akhungu, ndinaona zinthu ziwiri zikunyezimira.

"Bambo Chikuse," anatero mayiwo ndi mawu ozizira, "musanayambe. Ndagwira ntchito m'boma zaka zambiri, koma munthu wotumiza chiphuphu masanasana, chomanga riboni, kudzera kwa mesenjala, ndamuona lero. Alembi, lembani zonse."

Ndinayesa kuti, "Mayi, si choncho ayi," koma anakweza dzanja. Anati titsegula pamaso pa onse kuti pasakhale wonamizira mnzake. Bambo wina wakomiti ananyamula phukusi limodzi n'kunong'ona kuti, "Koma n'zolemera, mayi." Mayiwo anang'amba lofiira, anang'amba lagolide, anakwinya mapepala onse pamodzi n'kuponya m'bini, ndipo patebulo panatsala njerwa ziwiri. Anthu anayamba kupatsirana, uyu kuitembenuza, uyu kuigwedeza pakhutu kuti amve ngati muli kanthu mkati, mpaka zinazungulira tebulo lonse kawiri. Kenako bambo uja anavula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, ichi si chiphuphu. Uku n'kutiopseza. Akutanthauza kuti tikamukanira atigenda."

Ndinafotokoza thukuta lili kamukamu, za uvuni, za mitengo, za simenti, za mapepala a ukwati wa mlamu wanga, mpaka ena anayamba kuseka m'manja. Mayi Nyasulu sanaseke. Anangoti, "Chabwino. Tionetseni." A Yohane anathira ndowa ziwiri za madzi m'beseni langa, n'kukankhira njerwa zija kwa ine.

Ndinaziyang'anitsitsa zonse ziwiri. Yofiira ndi iti? Yagolide ndi iti? Mapepala ali m'bini, njerwa zazungulira tebulo, magalasi asanduka zidutswa m'thumba, ndipo simenti yake inali yochepa moti kwa maso angawo zonse zinali mapasa. Ndinagogoda iyi, ndinagogoda iyo, zonse zinalira chimodzimodzi. Ndinanunkhiza. Ndipo anzanga, sindikudziwa chimene chinandilowa, ndinanyambita. Zonse ziwiri. Mlembi anadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Izinso ndilembe, mayi?" Iwo anati, "Lembani."

Tsopano tamverani uchitsiru weniweni. Ndikanangoviika zonse ziwiri monga ndinakonzera kunyumba, madzi akanandisankhira okha, ine n'kuloza yotsalayo n'kunena kuti yanga ndi iyi. Koma munthu amene wangotchedwa wachiphuphu, kenako wogenda, kenako wanyambita njerwa pamaso pa akuluakulu, amafuna kubweza ulemu wake wonse kamodzi. Ndinasankha imene lilime langa linandiuza kuti ikuwawirako simenti, inayo ndinapatsa a Yohane n'kunena mokweza kuti, "Chidina ichi tonse tikuchidziwa, tisataye nacho nthawi, kachitayeni kunja." Ndiyeno ndinalengeza kuti njerwa yanga sindingoiviika chabe, ndiimapo ndekha mpaka nditamaliza kulankhula.

Ndinavula nsapato. Sokosi yakumanja inali ndi chibowo chotulutsa chala chachikulu, koma pofika apa zimenezo zinali zazing'ono. Ndinavula masokosiwo, ndinapinda thalauza, ndinaika njerwa m'beseni n'kukwerapo ndi mapazi onse awiri, madzi kulekeza mu akakolo, pulani m'manja.

Mphindi zoyamba zinayenda bwino kwambiri, moti ndinayamba kudzimva. Ndinalankhula za mapiri athu amene ameteka mpala chifukwa cha nkhuni zootchera njerwa, ndinalankhula za mlonda ndi mphunzitsi amene akutha moyo wawo wonse pa lendi, ndinaona mitu ikugwedera. Ndili pakati ponena kuti nyumba zimenezi adzakhalamo ana ndi zidzukulu, ndinamva pansi pa chidendene pakufewa ngati ndaponda nthochi. Sindinayang'ane pansi. Ndinakweza mawu. Ndinati njerwa iyi mvula ya Januwale imaiopa, uku matope akutuluka pakati pa zala zanga.

"Bambo Chikuse," anatero Mayi Nyasulu, "mukufupika."

"Ndi mmene imakhazikikira, mayi," ndinayankha.

"Nanga madziwo afiira bwanji?"

"Ndi fumbi lapamwamba chabe."

Pofuna kutsimikiza, ndinachita chimene munthu wanzeru sakanachita, ndinadumpha pang'ono. Phazi linapita kutsogolo, linzake kumbuyo, pulani m'mwamba, ine khu m'beseni chokhala, beseni nalo n'kung'ambika pakati. Madzi ofiira anayenderera pansi pa tebulo, akomiti onse asanu ndi awiri anakweza miyendo nthawi imodzi ngati ana asukulu aona mbewa, mayi wina anakwera pampando atanyamula nsapato. Ine ndili tambalale m'matope ndinamva mawu a mlembi akufunsanso ngati alembe, ndipo ulendo uno Mayi Nyasulu anali atabisa nkhope m'fayilo, mapewa akugwedezeka.

Ndinatuluka nsapato kumanja, kumbuyo konse kuli psu. Minibasi ziwiri zinandikana. Wakabaza amene anavomera anayala kaye jumbo pampando. Nditafika ku 47 ndinapeza alamu ali pageti, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Akatswiri, mwayamba kale kukumba maziko?" Mkazi wanga anangotenga suti n'kukaiviika, ndipo za makatani sanazitchulenso. Zimenezo zinandipweteka kuposa kugwa kuja.

Patatha masabata atatu anandiimbira foni kuti Mayi Nyasulu akundifuna. Ndinapita ndikudziwa kuti akukandipatsa chokolopera. Koma mayiwo anandilandira pakhomo, osandilowetsa mu ofesi, anangoti nditsateni, n'kuzungulira nane kuseri kwa nyumbayo kumene kuli mpope wotsukira makapu. Pansi pa mpopewo, madzi akuigwera, panali njerwa yanga. Ulendo uno ndinali ndi magalasi atsopano, ndipo ndinaona ngodya zake zonse zili bwinobwino.

A Yohane anali pomwepo, akupukuta manja. "Bwana, munati ndikataye, koma njerwa yabwinobwino ngati iyi munthu angataye? Ndinaika pano kuti tiziponda potunga madzi, panali matope."

Mayi Nyasulu anati tsiku lililonse akhala akuiona pawindo la ofesi yawo, mpope ukuithira madzi, mvula ikuigwa, ogwira ntchito onse akuiponda, mpaka tsiku lina anatsika okha kukaimenya ndi chidendene cha nsapato, chidendenecho n'chimene chinathyoka. Anaitana akomiti kudzaona, ndipo anagwirizana kuti ndimange nyumba imodzi yachitsanzo, ikakhala bwino ntchito ipitirire.

"Tinene zoona, Bambo Chikuse," anatero akundipatsa pepala. "Njerwayi yakhoza. Inu munalephera. Koma poti njerwa singasaine, sainani ndinu. Ndipo mukamabwera kudzapereka lipoti, nsapato zizikhala kumapazi, musanyambitenso chilichonse."

Ndinasaina, ndipo sindibisa, misozi inalengeza. Nditamuuza mkazi wanga anakhala pansi kaye, kenako anadzuka n'kukatenga tepi yoyezera.

Loweruka lapitali alamu akutsuka galimoto anafunsanso funso lawo lija, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi ndinayankha kuti, "Yafika pawindo, alamu." Anasiya payipi ikuthira madzi m'nsapato zawo. Koma m'mafayilo a khonsolo zinalembedwa ndithu, ndipo zidzakhala mpaka kalekale, kuti katswiri wina ananyambita njerwa ziwiri n'kusankha yolakwika. Ndiye ndalumbira, ndipo inu ndinu mboni zanga: tsiku limene mudzandione ndikukulunganso njerwa m'pepala la timitima, mudzanditenge ineyo mukandiviike m'beseni chadodolido, tione ngati m'mutumu munalowako simenti.