Tsiku Limene Ndinabweza Mtsinje wa Ruo

Amene akukayika atuluke tsopano, chifukwa sindinaphunzitse masamu mpaka kupuma pantchito kuti lero ndidzatsutsidwe ndi komiti ya holo. Mwandiitana kuti ndivomereze kuti chithunzi cha mdzukulu wanga Rozita, woimba hipihopu, chipachikidwe pakhoma ili pambali pa changa, ine katswiri wa nyimbo za roko m'Milange muno, ndipo mwati mavoti afanana, langa ndilo lotsiriza. Chabwino. Koma muyambe mwamva mmene ndinapezera malo pakhomapo.

Linali tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo, magetsi kulibe. Ndinaitana amalonda onse a njinga ochokera ku Majaua ndi ku Mongue, tinatsitsa matumba a chimanga, tinagadabuza njingazo, ndinalumikiza madayinamo awo ku chokuzira mawu ndi waya wa mpanda, ndipo iwo atayamba kupukusa mapedulo ndi manja, ine n'kungoyamba, nkhuku zonse za mumsika zinaikira nthawi imodzi, atambala omwe, nyemba zinadzitongola zokha m'makoko, phiri la Tumbine linasendera kumbuyo kuopa kugontha, mtsinje wa Ruo unaima, unatembenuka, n'kuyamba kukwera kumene unachokera, moti amayi ochapa m'mbali mwake analandira zovala zawo zimene zinakokoloka dzinja lapitalo, zili zouma kale. Mukumva? A pafulontera, pachipata cha m'malire paja, anadinda mapasipoti motsatira ng'oma mpaka munthu wina analowa m'Malawi kasanu asanasunthe phazi. Inu a Fernando, musaseke, munalipo. Munali m'mimba mwa amayi anu, koma ndinakuonani mukuvina.

Dandaulo langa nali, ndipo ndalilemba m'makalata atatu amene simunayankhe. Woimba weniweni amadziwika ndi zala zotupa ndi nsambo. Rozita alibe gitala. Amangogwira maikolofoni n'kumathira Chinyanja, Chilomwe ndi Chipwitikizi osapuma. Ndinamuuza kuti kumeneko si kuimba, ndi kukangana ndi ng'oma. Iye anati, “Nanga agogo, mutuwo mukugwedezeranji?” Ndinati ndi matenda a ukalamba. Kenako anaimba ina yonena za malemu agogo ake aakazi, mmene ankakankhira njinga ya nyemba kukwera chitunda, ndipo ine ndinatuluka panja chifukwa m'nyumbamo munali fumbi lolowa m'maso.

Komatu ndalumbira kunena zoona zokhazokha, choncho alembi, gwirani bwino cholemberacho. Tsiku la msika lija, nditangokhudza gitala, nsambo zonse zisanu ndi imodzi zinaduka, ina inakagwera ku Quelimane. Khamu likudikira, wang'oma akuombabe, anthu a njinga thukuta kamukamu. Ndikanatani? Ndinagwira maikolofoni n'kuyamba kulankhula. Ndinadzudzula maenje a mumsewu limodzilimodzi, ndinatchula midzi yonse mpaka ku Mongue, ndinafunsira mbeta agogo ake a Rozita pamaso pa atsibweni awo, m'zinenero zitatu, mawu akugwera pang'oma, kwa maola anayi osameza malovu. Gitala linali pansi nthawi yonseyo. Mtsinje unabwerera kudzamva pakamwa panga.

Choncho lembani kuti hipihopu inayambira pamsika wa Milange, mwa ine, ndipo Aamereka anangoitola mumphepo. Chithunzi cha mwanayo chipachikidwe, msomali ndikhoma ndekha. Koma zanga mupachike ziwiri.