Buledi wa Mgonero pa Msewu wa ku Chikangawa

Mpaka lero ndikamva fungo la buledi wonyowa, manyazi amandigwira. Nkhaniyi ndinaiulula kale kwa Mulungu ndi kwa akulu a mpingo, tsono kukubisirani inu palibe phindu.

Munali m'zaka za m'ma 1970, boma litangonditumiza ku Mzuzu ngati kalaliki. Kwathu ndi ku Salima, kumene mvula ikatha mu Epulo ndiye kuti yatha. Tinkakhala ku Chibanja, ndipo ndinali ndi njinga imene ndinkainyadira mopitirira muyeso wa Mkhristu.

Mu Juni, nthambi ya mpingo wathu kufupi ndi Chikangawa inali ndi Mgonero wa Ambuye. Kumeneko kunalibe sitolo ya buledi, choncho panafunika munthu wopititsa mikate iwiri Loweruka. Atalengeza zimenezi ku tchalitchi kwathu ku Mzuzu, ndinakweza dzanja msanga (kuti onse aone).

A Nyirenda, mkulu wa mpingo, anandiyang'ana mwachifundo. "Adada, ndi mtunda chomene. Ndipo mvula ya kuno sidziwa kalendala."

"Ambuye adzandipatsa mphamvu," ndinayankha.

"Enya, adzakupatsani. Koma jekete mutengebe."

Sindinatenge. Mayi a kunyumba anandiphikira mbatata za pa ulendo, ndinakananso, ndati ndikusala kudya pokonzekera Mgonero.

"Abambo, kusala kwake kwa pa njinga?"

Ndinawauza kuti chikhulupiriro chawo ndi chochepa. Pepala la pulasitiki linali limodzi lokha, ndipo ndinakulungamo Baibulo ndi khadi la chipani, poti masiku amenewo kuyenda wopanda khadi kunali kudziputira. Buledi ndinamukulunga m'nyuzipepala, n'kumanga pa kaliyala.

Ndinanyamuka m'mamawa ndikuimba nyimbo za m'buku. Nditangotuluka m'tauni, mawawa anayamba. Mvula yake si yogunda ayi, ndi yaulemu, imakulowa m'mafupa mosapempha. Pofika m'nkhalango ya paini, chifunga chinatseka msewu, zala zinauma pa handulo, ndipo nyimbo inasanduka kugwedezeka kwa mano. Chitunda chilichonse chimene ndinkati n'chomaliza chinali ndi mkulu wake kumbuyo. Ndinkakankha njinga kuposa kupalasa.

Masana njala inandigwira zolimba. Ndinaima pansi pa mtengo kuti ndione ngati katundu wa Ambuye ali bwino. Nyuzipepala inali itasanduka phala, ndipo ngodya imodzi ya buledi inali itanyowa. Ndinaganiza kuti chonyowa sichoyenera pa gome loyera, koma kuchitaya ndi tchimo. Ndinadya.

Patapita mailosi awiri ndinaimanso. Apa ndinakumbukira kuti Davide, atagwidwa ndi njala, anadya mkate wa m'nyumba ya Mulungu ndipo sanadzudzulidwe. (Sindinadziwe kuti ndimawadziwa Malemba chotere. Mavesi ankangobwera okha.) Ndinaonjezera kuti buledi uyu abusa anali asanamupempherere. Ndinaboola pansi pake, n'kumakolopola zam'kati ndi zala kuti kunja azionekabe wathunthu. Wachiwiri ndinamuyamba pa chitunda chachikulu, popanda ngakhale vesi.

Chodabwitsa n'chakuti mphamvu zinabweradi. Ndinafika madzulo, ndili chinyowere ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Anandilandira a Nyagondwe, mayi amene ankadula buledi wa Mgonero pa mpingopo.

"Monire adada! Mwavutika chomene. Yewo, yewo!"

Anandikhazika pamoto, n'kutenga katundu uja. Atanyamula buledi woyamba, anamuyesa kulemera kwake m'manja. Anasuzumira pa bowo. Anatenga wachiwiri, naye chimodzimodzi, mphako yokhayokha.

"Mbewa za ku Mzuzu," anatero pang'onopang'ono, "zikuluzikulu, eti?"

Abale, khomo lothawira linali litatseguka, ndipo ndinalilakalaka. Koma munthu angayandikire bwanji gome la Ambuye mawa lake atanamizira mbewa? Ndinawerama.

"Amama, mbewa yake ndine."

Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chitenje. Kenaka anatenga mpeni, nayamba kudula makoko aja tizidutswa ting'onoting'ono ngati njere za chimanga, akuwerenga mayina a Akhristu awo pamtima. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti Iye amene anadyetsa khamu ndi mikate yochepa achitenso chifundo.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, mvula ikugwabe. Ndinakhala kumbuyo, maso ali pa mbale, thukuta likutuluka m'chisanu chonsecho. Mbale inayenda mzere ndi mzere, ndipo aliyense analandira. Itafika kwa ine munali kachidutswa kamodzi, kotsiriza. Mkulu wonyamula mbaleyo anali mwamuna wa a Nyagondwe. Anawerama n'kundinong'oneza:

"Tengani, adada. Ngakhale kuti ena munayamba dzulo."

Ndinalandira ndi misozi, theka ya manyazi, theka ya chiyamiko, pakuti gome limenelo ndi la ochimwa ndithu.

Chiyambire tsikulo ndimasala kudya ndili pakhomo, ndipo mbatata za mayi sindizikana. Ku Chikangawa ndinapitakonso kangapo pa njinga, jekete lili pathupi. Koma a Nyirenda ankangondipatsa mabuku a nyimbo kuti ndinyamule. Buledi ankatumiza ndi wina, ndipo za vinyo sanandiuzeko n'komwe.